Kuyenda wekha uli mayi: malangizo a pa msewu wa Mchinji

Geni yanga ndi ya mtedza ndi zitenje. Mtedza ndimakagulitsa ku Lilongwe, zitenje ndimakaoda ku Chipata, ndipo mwa apo ndi apo ndimafika ku Kasungu kumene kuli achemwali anga. Maulendo onsewa ndimayenda ndekha. Atsikana a kwathu kuno akamakonzekera ulendo wawo woyamba, wina wa kusukulu, wina wokafuna ntchito, wina wokadwazika matenda, amabwera pakhonde panga kudzafunsa kuti, "Anti, ndikayende bwanji?" Zimene ndimawauza ndi zimene ndalemba pano.

Ndiyambe ndi mawu awa kuti tisasokonezane. Mkazi akachitidwa chipongwe paulendo, wolakwa ndi wochita chipongweyo, osati siketi imene anavala kapena ola limene anayenda. Koma anthu oipa sanathe, ndipo ine ndaona kuti amadalira zinthu ziwiri kuti atipeze: mdima ndi manyazi athu. Zonse zili m'munsimu zikulimbana ndi ziwirizi.

Choyamba, ulendo ukonzeni dzulo lake

Anthu awiri adziwe za ulendo wanu, wina kumene mukuchokera, wina kumene mukupita. Kungoti "ndapita kutauni" sikokwanira. Auzeni malo enieni, nthawi imene mukuyembekeza kufika, ndi choti achite nthawiyo ikadutsa inu muli zii. Chomalizachi ndi chimene ambiri amaiwala. Ine ndi achemwali anga tinapangana kuti likadutsa ola limodzi pa nthawi yomwe ndinanena, foni osayankha, asakhale pansi n'kumati mwina ndi netiweki. Atenge nambala ya galimoto yomwe ndawatumizira, ayambe kufunsa.

Foni itchajidwe usiku womwewo, chifukwa magetsi a m'mawa sungawadalire. Muikemo mayunitsi oimbira, osati bandulo ya WhatsApp yokha, pakuti kumidzi intaneti imadukaduka pomwe meseji wamba ikupita bwinobwino. Lembani manambala atatu a abale pakapepala, mukaike posiyana ndi foni. Masiku ano ndani amasunga nambala pamtima? Foni ikabedwa mumatsala ngati mwana wosochera pamsika. Pakapepala pomwepo lembaninso nambala ya foniyo payokha, imene imatuluka mukaimba *#06#, chifukwa apolisi amaifunsa mukakadandaula.

Ndalama zigaweni patatu. Zapanjira zikhale zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1,000, m'kachikwama kapafupi kuti musamasolole mpukutu pamaso pa anthu. Mpamba wa geni kapena fizi ikhale mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, mukatape mutafika, masana. Yachitatu ndi yobwererera kwanu zinthu zitavuta, ndipo imeneyi ikhale pathupi. Amayi athu ankamanga pansonga ya chitenje, koma akuba a lero amayambira pomwepo kuyang'ana. Ine ndinasokerera kathumba m'kati mwa siketi, cha m'chiuno.

Tengani chiphaso cha unzika. Ngati mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tengani ndi buku la kuchipatala ndi mankhwala a masiku awiri oonjezera. Chitenje chimodzi chapadera chisasowe m'chikwama: chofunda ndi chomwecho, choyala ndi chomwecho, chokhalira pa kabaza ndi chomwecho.

Chachiwiri, werengani maola mobwerera m'mbuyo

Kwathu kuno dzuwa silizengereza. Mu Juni ndi Julayi, limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Ngakhale mu Disembala, 7 koloko imakwana kuli mdima wa ndiweyani.

Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Galimoto yosaima panjira siitha maola awiri. Koma minibasi iyambe yadzaza kaye, kenako iime pa Msundwe, pa Namitete, pa Kamwendo, pa marodibuloko, ndi paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ine ndimaiwerengera maola anayi, ndipo ikafika msanga ndimangothokoza. Msewu wochoka pa Kamwendo kupita ku Kasungu kudzera ku Kapiri ndi Santhe magalimoto ake ndi ochepa kuposa a ku Lilongwe, ndiye kumeneko kulawira n'kofunika koposa.

Pa ulendo wonse, pamene pamandiopsa ine si pa tala ayi. Ndi kachigawo kotsiriza, kuchokera pomwe mwatsikira kukafika pakhomo. Pamenepo ndi pamene anzanu a m'minibasi amabalalika, inu n'kutsala ndi njira ya m'minda. Choncho yambirani kumapeto kuwerenga. Mukufuna kukhala pakhomo 5 koloko. Kuchokera pa siteji kukafika kumudzi ndi ola limodzi pa kabaza, ndiye mutsike minibasi 4 koloko. Ndiye kuti 12 koloko ikupezeni mutakhala kale m'minibasi mu Lilongwe. Ikakwana 2 koloko mudakali pa mzere wa kubanki kapena kuchipatala, imbirani wachibale mugone komweko. Tsiku limodzi lotayika si kanthu. Nthawi ya dzinja onjezanipo ola lina chifukwa cha matope ndi mitsinje, ndipo mafuta akasowa m'dziko onjezanipo awiri.

Chachitatu, pa depoti sankhani nokha galimoto

Mukangofika, anyamata oitanira amakuthamangirani, wina wagwira chikwama, wina wagwira mkono. Chikwama musachitaye m'manja. Nenani mwaulemu koma mosaseka, "Zikomo achimwene, ndinyamula ndekha," n'kupitiriza kuyenda. Amene watenga chikwama chanu ndi amene wakusankhirani galimoto.

Suzumirani m'kati musanakwere. Muli amayi ena? Muli ana, katundu, matumba a ufa, zizindikiro zoti anthuwa ali pa ulendo weniweni? Pali ena amene amangokhalamo kuti minibasi ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo mukalipira amayamba kutsika mmodzimmodzi. Muyandikireni dalaivala pofunsa mtengo. Akamamveka fungo la mowa, isiyeni imeneyo ngakhale ikhale yoti inyamuka pompano. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo funsani momveka kuti, "Ikukafika pa boma penipeni?"

Kenako jambulani kapena lembani nambala ya galimoto, mutumize kwa anthu anu awiri aja. Musachite mobisa. Dalaivala ndi kondakitala aone kuti mwajambula. Wamaganizo abwino sadandaula nazo, ndipo wamaganizo oipa amadziwa kuti mayi uyu ali ndi omutsatira.

Pokhala, funani pafupi ndi mayi mnzanu. Pangodya ya mpando wakumbuyo pamavuta kutuluka, ndipo zochitika pamenepo ena saziona. Ma Sienta amafulumira, inde, koma amapanikiza anthu ngati matumba, ndipo mawu akuti "asisi bwerani kutsogolo kuno" nthawi zambiri amatanthauza kukhala mothithikana ndi dalaivala. Ine ndimakana.

Chachinayi, m'galimoto musalole manyazi akulamulireni

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambirife timagonjera. Tinaleredwa kuti mkazi sakweza mawu pagulu, sayankha akuluakulu, sakana chakudya chopatsidwa. Ndi mwambo wabwino pakhomo. Koma pamsewu pali anthu amene amaudziwa mwambowu n'kumaugwiritsa ntchito ngati msampha.

Zimayamba pang'onopang'ono. Bondo lakhudza bondo, mukuti ndi kuthinana. Chigongono chafika pabere, mukuti ndi mabampu. Kenako dzanja lili pantchafu pansi pa chikwama chake, iye maso ali pawindo ngati sakudziwa kanthu. Akuyesa ngati muli wa chete. Ndili mtsikana ndinkangosendera, mtima ukugunda, n'kumapemphera kuti atsike msanga. Sizinathandizepo. Chimene chimathandiza ndi kutchula chinthucho ndi dzina lake, mokweza, minibasi yonse imve: "Bambo, chotsani dzanja lanu pantchafu yanga." Osatukwana, osaseka, osapepesa. Kenako, "A kondakitala, ndisinthireni malo." Nthawi zonse zimene ndachita zimenezi, pamapezeka mayi wina kapena bambo wachikulire amene amalowererapo, ndipo manyazi aja amasamukira kwa mwini wake.

Dziwaninso kuti lamulo lili mbali yanu. Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu ndi zachisembwere, kaya ndi mawu kaya ndi kumugwiragwira iye asakufuna, ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Akapitiriza, pa rodibuloko yotsatira itanani wapolisi pawindo.

Pali ena amene sagwira, amangofunsa. "Mukutsikira pati? Muli nokha? Akukudikirani ndani? Katunduyu mwagula zingati?" Kucheza paulendo n'kwabwino, ndipo ine anzanga ambiri a geni ndinawapezera m'minibasi. Koma mafunso akamalunjika pa kumene mukagone ndi ndalama zimene mwanyamula, yankho ndi limodzi: "Achimwene anga akundidikira pa siteji." Kaya kulibe achimwene, nenani choncho basi. Wofuna nambala yanu musamupatse yabodza, chifukwa amaimba pomwepo kuti aone ngati ilira. Ingonenani kuti simupereka nambala.

Chakumwa chotsegula kale, kapena chakudya chochokera m'chikwama cha munthu amene mwakumana naye lero, ayi. Anthu agonetsedwapo tulo ndi mankhwala n'kudzuka alibe kalikonse. "Zikomo kwambiri, ndangodya kumene" ndi mawu aulemu okwanira. Mukafuna nthochi kapena chimanga chootcha, gulani nokha pawindo.

Chachisanu, akakutsitsani panjira

Zimachitika kawirikawiri. Anthu achepa, dalaivala waona kuti sapindula, akuti "tsikani mukwere inayo," kapena galimoto yafa. Akakugulitsani kwa minibasi ina, musatsike kondakitala asanapereke ndalama yanu kwa mnzakeyo inu mukuona, ndipo nambala yatsopanoyo itumizeninso.

Chaka china nthawi yogulitsa fodya, ndikuchokera ku Kasungu, minibasi inatitsitsa pa Kamwendo chisisira chitagwa. Anzanga onse anali a pafupi, anangolowa m'tinjira tawo. Ndinatsala ndekha ndi chikwama ndi thumba la nyemba. Posakhalitsa panaima galimoto yaing'ono yoyera, muli amuna atatu. "Mayi, tiyeni tikakusiyeni pa boma, musalipire." Ndinali nditatopa, ndipo thumba lija ndinali nditalinyamula kale. Ndiye ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Iwe mwana wanga, wafika osandipatsa moni? Tabwera undigwirire chimangachi." Anali mayi wachikulire wootcha chimanga pa mbaula, woti sindinamuonepo chibadwire. Nditayandikira anandipatsa kakatoni kokupizira moto, n'kunena chapansipansi maso ali pa makala, "Galimoto imeneyo yadutsa pano katatu. Khala pansi." Ndinakhala pa thumba langa n'kumakupiza moto mpaka galimoto ija inachoka. Usiku umenewo ndinagona pamphasa ndi ana awo aakazi, ndipo m'mawa anandiperekeza okha pamsewu.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikasowa mtengo wogwira ndimapita pamene pali kuwala ndi amayi: ogulitsa tomato, a mandasi, mayi wa pa kabenchi ka Airtel Money. Pakapanda amenewa, pa filing'i siteshoni, pa polisi, pa chipatala pamene pali mlonda, pa tchalitchi kapena mzikiti, ndipo kumudzi, kwa amfumu. Safunsa anadya phula, koma womufunsa musankhe. Funsani munthu amene ali pa ntchito yake, amene mawa adzapezekanso pomwepo. Wokutsatirani yekha n'kumadzipereka kuti akuthandizeni, muchenjere naye. Matola a galimoto yopanda mayi ndi mmodzi yemwe, makamaka aulere, ndi chikomekome cha mkuyu.

Chachisanu ndi chimodzi, kabaza

Kwerani wa pa siteji yodziwika, pamene anzake akumuona akunyamuka nanu. Masiteji ambiri ali ndi tcheyamani wawo, ndipo amadziwana mayina. Wongokupezani panjira palibe amene angamuloze mawa. Funsani dzina lake mokweza anzake akumva, kapena pemphani mayi wogulitsa pafupi akusankhireni amene amamudziwa. Koposa zonse, wachibale wa kumene mukupita akutumizireni wa kabaza amene iye amakwera.

Mtengo mugwirizane musanakwere. Pa njinga yamoto pemphani chipewa choteteza mutu, ndipo chitenje chikulungeni bwino kuti chisakodwe mu sipoko. Musalole kuti akweze mwamuna wina kumbuyo kwanu. Akakhota kusiya njira imene mukuidziwa n'kumati ndi yachidule, muuzeni aime pa nyumba yoyamba imene mwaiona, mutsike. Imbani foni muli panjinga pomwepo: "Ndanyamuka ndi a kabaza akutiakuti, tadutsa pa chigayo, mundichingamire."

Chachisanu ndi chiwiri, pa chipata cha Mwami

Kuchokera pa boma kufika pamalire ndi Zambia ndi makilomita pafupifupi 12. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano, maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, ndiye zodinditsa zimathera malo amodzi. Pasipoti kapena bodapasi yanu iperekeni pa kauntala pokha, kwa munthu wa yunifolomu. Anyamata oti "bweretsani tikudinditsireni msanga" asakugwirireni chiphaso. Ndalama iliyonse imene mwalipira, funsani lisiti. Posintha ndalama werengani nokha kawiri, zanu zili m'manja, ndipo musapite kuseri kwa nyumba kukasinthira.

Amayi anzanga a geni, ndikudziwa kuti msonkho umawawa. Koma njira zozemba za m'tchire, zimene anyamata amati akuwolotserani katundu motchipa, ndi kumene amayi amalandidwa katundu ndi kugwiriridwa, ndipo pobwera amaopa kukanena chifukwa nawonso anazemba. Wochita zoipayo amadalira mantha omwewo. Dzerani pa chipata, masana, ndipo mukatha kupeza anzanu awiri atatu owolokera limodzi, ndi bwino koposa.

Kwa atsikana: munthu akakulonjezani ntchito ku Zambia, ku South Africa kapena kwina, n'kumati thiransipoti alipira yekha, chiphaso akusungirani, ndipo makolo musawauze kaye, ameneyo ndi wozembetsa anthu. Lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwewu, Trafficking in Persons Act, limapereka zaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana. Ntchito yeniyeni ili ndi dzina la bwana, malo ake ndi nambala yoti abale anu aimbe inu musananyamuke.

Chachisanu ndi chitatu, pogona

Kwa wachibale kapena kwa mnzanu wa kumpingo ndiye koyamba. Zikakanika, pa resitihausi onani chipinda musanalipire. Yesani loko, onani ngati chitseko chili ndi chokhomera cha m'kati, gwedezani mawindo. Kanani chipinda choyandikana ndi bala kapena chakumapeto kwenikweni kopanda anthu. Madzi ndi chakudya gulani kusanade kuti musatulukenso. Mukakhoma, tsamiritsani mpando kapena tebulo kuchitseko, kiyi musiye pa loko. Wogogoda usiku, ngakhale anene kuti ndi mlonda kapena mwini malo, muyankheni chitseko chili chotseka kuti mukambirana kukacha.

Chachisanu ndi chinayi, zikavuta

Wofuna chikwama, mpatseni chikwama. Chiponyeni uko, inu thawirani kwina kumene kuli anthu, mukukuwa ndi mphamvu zonse. Foni ikapita, bwerekani ya wina muimbire manambala a pakapepala paja, ndipo mukatseketse simu khadi msanga kuti asatape ndalama. Koma munthu akafuna kukulowetsani m'galimoto kapena kukukokerani kutchire, limbanani naye pomwepo pamsewu, kuwani, lumani, dzigwetseni pansi, chifukwa kumene akukutengeraniko kulibe wokumvani.

Manambala awa asungeni lero: 997 ndi apolisi, 5600 ndi nambala yaulere yothandiza ochitiridwa nkhanza, 116 ndi ya ana. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo muli ndi ufulu wopempha kulankhula ndi wapolisi wamkazi.

Ngati mwagwiriridwa, thamangirani kuchipatala kaye. Pali mankhwala otchedwa PEP oteteza ku HIV, amene amagwira ntchito mukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa mwezi umodzi osadumphitsa. Palinso mapiritsi oletsa kutenga mimba, amene nawonso amafuna changu chomwecho. Ku zipatala za boma, monga chachikulu cha Mchinji kapena cha Kasungu, zimenezi n'zaulere. Musadikire kuti mupeze kaye kalata ya kupolisi kapena kuti abale akhale pansi akambirane, chifukwa maola akutha. Thupi limafuna kusamba, ndikudziwa, koma ngati mungathe pitani musanasambe, ndipo zovala zimene munavala musachape. Zikulungeni mu pepala kapena mu nsalu yoyera, osati mu jumbo, chifukwa ndi umboni.

Mwina si inu, ndi mnzanu amene wakuimbirani akulira. Musamufunse kuti amakatani kumeneko usiku. Mutengereni chitenje, zovala zosinthira ndi ndalama ya kabaza, mupite naye limodzi, mukakhale naye pa benchi mpaka aonane ndi adokotala. Maola 72 aja muwawerenge kuyambira pamene zinachitikira, osati pamene wakuuzirani.